Mzere Wakuda pa Chala cha Amai Aakulu

"Amake Taonga, nanga imwe simupakako kyutekisi? Kapena kutchalitchi kwanu analesa?" anandifunsa Bana Mwila, neba wanga, tikuchapa pampopi. Ndinangoseka. Yankho lake n'lalitali.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikukhala ku Makululu ndi amai aakulu, amene anandilera makolo anga atamwalira. Ankakazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Zikhadabo zawo zinali zokhuthala, zamizeremizere ngati malata, zosachedwa kuthetheka. Zimenezo n'za ukalamba, sizipha munthu. Koma pachala chachikulu chakumanja panatuluka mzere umodzi wakuda, kuchokera kutsinde mpaka kunsonga.

Tsiku lina kasitomala anabweza chitumbuwa. "Amai, muzisamba kumanja," anatero. Titafika kunyumba amai aakulu anandipatsa kabotolo ka kyutekisi wofiira.

"Paka bwino, mwanawe, usasiye mbali. Ni ukalamba chabe, koma anthu safuna kuuona pachakudya."

Inakhala ntchito yanga Loweruka lililonse. Fungo lake linkalasa m'mphuno, losakanikirana ndi la mafuta okazingira, ndipo ndinkanyada kuti dzanja langa silinjenjemera. Ndine ndekha amene ndinkaona mzerewo ndikachotsa utoto wakale. Unayamba ngati ulusi, kenako unafika ngati kamtengo ka machesi, kenako kudako kunatsikira pakhungu. Ndinkangopaka kawiri.

Ngakhale popita kukiliniki kukatenga mankhwala a BP, ankati, "Kuchipatala sitiyenda monga osasamba." Anesi ankawapima pamkono, n'kuyamikira zala zofiira zija.

Patatha zaka ziwiri, chikhadabo chinang'ambika pakati, magazi n'kudonthera mu ufa. Kuchipatala, adokotala anapukuta kyutekisi yense ndi thonje, n'kutifunsa:

"Uyu mzere unayamba liti?"

Amai aakulu anatembenukira kwa ine, pakuti iwo anali asanauonenso.

"Nikali giredi faifi," ndinayankha.

Adokotala anati ndi khansa ya pakhungu, ndipo tikanabwera msanga akanaigwira. Chalacho anadula, koma matenda anali atafika kale kukhwapa.

Lero ndikudziwa kuti chikhadabo chimakalamba pamodzi ndi mwini wake, koma mzere wakuda umene ukukula umafuna maso a dokotala. Ine ndinauphimba ndi manja anga.

Tinataya chala. Tinataya malo athu pamsewu. Sukulu ndinaisiyira mu giredi seveni kuti ndiwadwazike. Mvula isanagwe, tinawaika m'manda.