Kanungu ka Pansi pa Nkhokwe

Fungo la ngumbi zimene anansi anga akukazinga lero landibwezera kwathu ku Nsaru, ndili mwana.

M'chigafa chathu cha fodya munkagona mphaka wina wopanda mwini. Dzuwa likapendeka, amayi ankamuikira makombo paphale, ndipo kanungu kena kankatuluka pansi pa nkhokwe kudzadya naye. Sankalimbana.

Tsiku lina mvula itangokata, ngumbi zili ponseponse, amalume anabwera kudzacheza. Atakaona kanungu kaja, anakakunkhunizira m'chipewa chawo.

"Ndiwo zapezeka. Koleza moto," anandiuza.

Ndinangoyang'ana amayi, misozi ili m'maso.

"Achimwene, kasiyeni kameneko," amayi anatero, osaleka kusenda mtedza. "N'kapakhomo pano. Kamatidyera tizilombo."

"Mwayamba kuweta minga, eti?" Amalume anaseka, n'kukatsitsa pansi.

Kanakhala kodzipinda ngati mpira, osagwedezeka. Ndinanjuta pafupi, dothi lonyowa likundizizira kumapazi, ndikuopa kuti kafa ndi mantha. Mphaka anabwera n'kukhala pambali pake, akudzinyambita. Pang'onopang'ono minga inamasuka, kamphuno konyowa kanatulukira, n'kuyamba kununkhiza chala changa chakuphazi.