Mchenga wa kuseri kwa labu

Chaka changa chachiwiri ku Gaborone ndinkaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina yapulaiveti pafupi ndi Extension 2. Kontilakiti yanga inkatha mu Disembala, ndipo kwa mlendo ngati ine, kontilakiti ikatha pemiti nayonso yatha, umangolongedza basi.

Sukuluyo inali itangogula makompyuta, moti ahedi athu, mayi wa Chitswana, sankatha chiganizo osatchula labu ya makompyutawo. Ana ankavala mahedifoni, kompyuta n'kutchula liwu, iwo n'kudina pomwe lalembedwa. Wokhoza ankalandira nyenyezi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga ankakolola nyenyezi kuposa onse, ndipo mausi ankaiyendetsa mwaluso loti ine mpaka lero sindifikapo. Koma tsiku lina nditamupatsa buku n'kuloza liwu la zilembo zitatu zokha, analephera kuliwerenga. Mwanayo anali ataloweza malo omwe yankho lililonse limakhala pa sikirini. Nzeru zinalipo zambiri, kuwerenga ndiye kunalibe.

Ndinapsa mtima, koma osati ndi mwanayo. Ife kwathu ku Ntcheu a e i o u tinaphunzirira pansi, chala chili m'dothi, aphunzitsi akuzungulira n'kumafufuta zolakwika ndi phazi. Ndiye nthawi ya buleki ndinayamba kumutengera kuseri kwa labu, n'kusalaza mchenga ndi chikhatho. Alembe, atchule, afufute, alembenso.

Sabata isanathe mayi ake anatulukira ku ofesi, yunifomu yofiira ndi fumbi ili m'manja. Ngakhale dumela, moni wa Chitswana uja, sanandipatse. Akuti sanabweretse mwana ku sukulu ya makompyuta kuti azikwawa m'dothi ngati kumudzi. Iwo atachoka, ahedi anandikumbutsa ndi ulemu wawo wozizira uja kuti Disembala sali patali.

Mantha ndinachita, ndisaname, poti ndinali ndi ana awiri kusekondale. Koma makani ndinabadwa nawo. Ndinabweretsa chitenje chakale choti mwana azigwadapo, ndipo tinapitiriza.

Mu Novembala anandiitananso ku ofesi. Ndinapeza mayi aja atakhala, foni ili patebulo.

"Mma, ndabwera ndi dandaulo lina," mayiwo anauza ahedi. "Dzulo foni yanga inalira ndikuyendetsa galimoto. Mwana wanga anaitola n'kuwerenga meseji yonse mokweza, apongozi anga ali pampando wakutsogolo. Ndipo mesejiyo inkanena za apongoziwo."

Anaseka mpaka misozi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ke a leboga, mma. Zikomo kwambiri, mayi. Chaka chamawa mng'ono wake akulowa Sitandade 2. Ndikufuna adzakhale m'kalasi mwanu."

Ahedi anatsokomola, n'kutsegula dirowa, n'kutulutsa kontilakiti yatsopano. Sindinasaine msanga ayi. Ndinaiwerenga yonse, tsamba ndi tsamba, chala chili pamzere, iwo akundidikira. Ndinanyada tsiku limenelo, ndipo sindichita manyazi kunena.