Amene Ankadina Malinki a Mayi Marlys

Ku Fergus Falls mukatchula dzina la Mayi Marlys Tveit, anthu amati, "Aja a mbewu?" Eya, omwewo. Zaka zisanu ndi zinayi anagwira ntchito pakampani ya banja la a Rudningen, yogulitsa mbewu za tomato, nyemba, maungu ndi maluwa pa intaneti. Koma dothi la pakampanipo sanaligwirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ntchito yawo inali kalata ya Lachiwiri: imelo imodzi yopita kwa makasitomala zikwi makumi anayi, naini koloko m'mawa.

Musaipeputse ntchito imeneyi. Munthu ankatsegula imelo n'kupeza mawu akuti, "Gretchen, tomato wako wa chaka chatha uja wabweranso," iye n'kumva kukoma kuti wina wamukumbukira. Wokumbukirayo anali Mayi Marlys ndi kompyuta yawo. Linki iliyonse m'kalatamo ankaimangirira kamchira ka timalemba ndi manambala, koti munthu akangodina, kuofesi azidziwa kuti wadina ndi uje, nthawi yakuti, pabatani lakuti. Mayiwa ankatha theka la tsiku akulimbana ndi batani limodzi, kuti likhale lobiriwira kapena lofiirira, mawu akhale ndi mzere pansi kapena ayi.

"Ife nkhalamba sitidina mawu opanda mzere," ankatero. "Timayesa ndi zokongoletsa."

Ndipo manambala ankawavomereza, moti abwana anasiya kalekale kutsutsana nawo.

Amuna awo, a Vernon, ankayendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa m'misewu. Mwana anali mmodzi yekha, Anders, yemwe ankagwira ntchito pakampani ya inshuwalansi ku Denver. Sabata imene amayi ake anayamba ntchito, iye analembetsa adiresi yake ya kuntchito kuti azilandira nawo kalata ya mbewu, kenako n'kuimba foni.

"Amayi, ndakupezerani kasitomala. Dimba alibe, ndipo maluwa a m'mphika amamufera onse, koma musawauze abwana anu."

"Chitsiru iwe," anatero amayi ake akuseka. "Udzagule ngakhale paketi imodzi ya kaloti."

Patapita zaka zisanu, a Vernon anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Anali munthu wouma khosi, ndipo anawagwira dzanja akazi awo n'kunena kuti, "Mwanayo usamuuze. Angomukweza kumene pantchito, asayambe kuthamangathamanga. Ndikatuluka m'chipatala muno ndimuuza ndekha." Mayi Marlys anamvera. Anamvera masabata asanu ndi limodzi, ndipo pamene ankaimba foni ku Denver n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Ndege ya Anders inatera ku Fargo bambo ake atatsirizika maola atatu apitawo.

Maliro atatha, alendo atabalalika, Anders anaima m'khitchini jekete ili kale pathupi.

"Masabata sikisi, amayi. Ndinkaimba Lamlungu lililonse, inu n'kumati ali kugalaja."

"Ananena okha bambo ako kuti..."

"Bambo ankadwala! Inu munali bwinobwino. Mwandibera bambo anga. Musadzandiimbirenso."

Anasintha nambala ya foni. Makalata awiri a papositi anabwerera osatsegulidwa, atadindidwa kuti mwini wake anasamuka. Mayi Marlys anatsala okha m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo mtima unkawawa moti masiku ena ankaimika galimoto pakhomo n'kukhala momwemo ola lathunthu osatsika.

Lachiwiri lina, patatha miyezi inayi, akuona manambala a kalata ya tsikulo, zala zawo zinangolemba zokha dzina la mwana wawo pamalo ofufuzira. Abale inu! Dzina linatuluka, ndipo pambali pake panalembedwa kuti wadina. Wadina tomato, wadina maungu, wadina ngakhale linki ya mapaipi othirira. Anayang'ana sabata yapitayo, chimodzimodzi. Sabata inayo, chimodzimodzi. Anadzuka n'kukadzitsekera kuchimbudzi, kulira ndi kuseka pamodzi, madzi a pampopi atawatsegula kuti anzawo asamve.

Kuyambira tsikulo moyo wawo unazendewera pa Lachiwiri. Naini koloko ikangopitirira ndi mphindi zisanu, khofi ali m'manja, ankalemba dzinalo n'kuona kuti mwana wawo ali moyo ndipo wagwira chinthu chimene iwo apanga. Kumulembera mwachindunji sanayerekeze. Mwanayo anali atanena mawu ake, ndipo iwo ankaopa kuti akamukakamiza adzadzichotsa pamndandanda, n'kutseka ndi kazenera komweko.

Koma mtima suvala nsanza. Pulogalamu yawo inkalola kuika chiganizo choti achione anthu ena okha, monga a kumadera ozizira kapena amene anagulapo maluwa. Mayi Marlys anapanga gulu la munthu mmodzi. Anthu zikwi makumi anayi ankawerenga za feteleza, koma m'kalata ya Anders yekha, pansi pa chithunzi cha nyemba, munkakhala kamzere kena. "Anders, mtengo wa maapozi unabzala ndi bambo ako uja wabereka chaka chino." Kamzereko ankakasandutsa linki yopita ku chithunzi cha mtengowo, poti mawu wamba sauza munthu ngati awerengedwa. Ankakapaka buluu wowala, mtundu wa njinga yake yoyamba. Ndipo kankadinidwa.

Anamuuza za galu wa aneba amene anafa, za denga limene linayamba kudontha, za tsiku lake lobadwa. Mwezi wina wa Okutobala, atalemba ndi kufufuta kwa masabata atatu, anaika mawu amene ankawalemera pachifuwa: "Ndinalakwa, mwana wanga. Ndikanakuuza. Ukawerenga udine apa." Mmawa umenewo khofi sanamwe. Atayang'ana, anapeza kuti padinidwa. Tsiku lomwelo poweruka anakagula nsalu zatsopano za pabedi la m'chipinda chake, n'kuuza mayi wa pasitolo kuti mwana wawo akhoza kubwera pa Khirisimasi. Sanabwere, koma iwo anati palibe kanthu, mkwiyo wa mwamuna umatenga nthawi, chachikulu wamva.

Chaka chachinayi chimwalirireni a Vernon chisanathe, kampani inalemba ntchito Odalys Ferrer, mayi wa zaka makumi anayi wochokera ku Minneapolis, kuti aziunika manambala a malonda. Anali wolongolola, wokonda madonasi, ndipo anagwirizana ndi Mayi Marlys sabata yoyamba yomwe. Mmawa wina anakoka mpando n'kukhala pambali pawo.

"A Marlys, makasitomala anuwa ndi afiti kapena?"

"Watani nawo makasitomala anga, iwe?"

"Taonani apa. Munthu uyu wadina malinki khumi ndi awiri m'masekondi atatu. Inetu ngakhale nsapato zitatsika mtengo sindithamanga choncho."

"Ena ali ndi zala zachangu."

"Zala zachangu zodina mpaka adiresi ya ofesi yathu pansi penipeni? Ayi, mayi. Awa ndi makina. Makampani akuluakulu amaika mlonda wa pakompyuta woti imelo ikafika, iye ayambe watsegula linki iliyonse kuona ngati muli zakuba. Mwini wake asanaione n'komwe. Ife kuno n'kumaombera m'manja kuti anthu akutikonda."

Mayi Marlys anasiya kulemba. Nthawi imene Anders ankadina ankaidziwa pamtima: naini koloko ndi masekondi anayi, nthawi zina asanu. Zaka zonsezi ankadziuza kuti mwanayo amakhala ali tcheru pa desiki kudikira kalata ya amayi ake.

"Ndiye tidziwa bwanji?" anafunsa, mawu ali pansi.

"N'zosavuta. Inu ndinu katswiri wa mitundu. Tipangireni linki yoti munthu asaione: kadontho koyera pamalo oyera, kakang'ono ngati njere ya mpiru. Munthu sangadine chimene sakuchiona. Wodina pamenepo ndi makina basi, tiwachotse m'mawerengero."

Akanatha kukana. Akanatha kukapanga kotuwa pang'ono kuti pakhale pothawira. Koma Mayi Marlys sanagwirepo ntchito yosalongosoka chibadwire, ndipo ndi chimene chinawapweteka. Kadonthoko anakabisa bwino kwambiri pakati pa chithunzi cha adyo ndi mzere wa pansi, moti iwo eni atatsegula kalatayo pafoni yawo anakasowa. Masiku asanu otsatirawo chakudya sichinkatsika.

Lachiwiri, naini koloko itapitirira ndi mphindi khumi, Odalys anabwera ndi laputopu yake akuvina.

"Tawagwira! Mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Onse agwera m'mbuna yanu ija, mayi, ndinu oopsa."

Mayi Marlys anatenga laputopuyo n'kutsitsa mndandanda mpaka pa chilembo T. Dzina linali pomwepo.

"Mwina anakaona," anatero. "Maso ake ndi akuthwa, kuyambira ali mwana."

Odalys anasuzumira, n'kuwerenga dzinalo, n'kusiya kumwetulira.

"Tveit. Ndi m'bale wanu?"

"Ndi mwana wanga."

Anafotokoza zonse, za chipatala, za m'khitchini, za gulu la munthu mmodzi. Ankayembekezera kuti mnzawoyo anena kuti zimenezo n'zosaloledwa pantchito, koma Odalys anangodzuka n'kukatseka chitseko.

"Dikirani kaye, mayi, musafe msanga. Makina akadina sizitanthauza kuti iyeyo sawerenga. Munthu amadina mochedwa, pakapita ola, kapena madzulo. Tiyeni tichotse zonse za m'mphindi yoyamba tione chotsala."

Anachotsa. Zaka zinayi, makalata oposa mazana awiri, ndipo chotsala panalibe ngakhale chimodzi.

"Komabe ena amawerenga osadina," anatero Odalys, koma mawu ake anali atafooka. "A Marlys, ndikuuzeni ngati mng'ono wanu. Siyani kubisala kuseri kwa nyemba. Mulembereni kalata yeniyeni, yochokera pa adiresi yanu, yopanda linki, yopanda kamchira. Akakwiya akwiye, koma akwiyire amayi ake."

Analemba nthawi yomweyo, mizere inayi yokha. Anati ndine mayi ako, ndinalakwa, ndakusowa, ndipo nyumba ndi yomwe ija. Atatumiza, asanachotse n'komwe chala, kompyuta inalira kuti yankho lafika. Anatsegula.

"Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Anders Tveit anasiya ntchito pakampani pano pa 14 Malichi. Bokosi ili siliwerengedwa ndi munthu aliyense."

Chaka chimene chinalembedwa pambali pa detilo chinali cha zaka zoposa ziwiri ndi theka zapitazo. Uthenga umenewu uyenera kuti unkabwera Lachiwiri lililonse, koma kalata ya mbewu inkachokera pa adiresi yosalandira mayankho, ndipo onse ankangotayika. Mayi Marlys anawerenga miyezi pa zala ngati mwana wa sukulu. Malichi, Epulo, Meyi, mpaka Okutobala. Pamene ankalemba kuti "ndinalakwa," n'kuti mwana wawo atachoka miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Sanamve. Ndipo tsopano sankadziwa ngakhale mzinda umene ali, kaya anakwatira, kaya ali bwino, kaya.

Sanalire mofuula. Anangogwira m'mphepete mwa desiki n'kunena kuti, "Mayo ine, ndakhala ndikupepesa kwa makina." Odalys anawakumbatira, ndipo anakhala choncho mpaka foni ya pa desiki inalira n'kusiya yokha.

Masana abwana anatumiza uthenga woyamikira awiriwo, n'kuwonjezera kuti maadiresi amene eni ake anachoka achotsedwe pamndandanda lisanathe tsiku. Odalys anati achita yekha.

"Ayi," anatero Mayi Marlys. "Mndandandawu ndi wanga."

Anachotsa ena onse, mmodzimmodzi, dzina la Anders n'kulisiya pomalizira. Anayamba afufuta gulu la munthu mmodzi lija, pamodzi ndi kamzere kamene anali atakonzeratu ka sabata yamawa, konena kuti chipale chayamba kugwa ndipo avale zofunda. Kenako anasankha dzinalo. Kompyuta inawafunsa ngati akutsimikiza kuti munthu ameneyu achotsedwe.

"Sindikutsimikiza," anayankha mokweza, ngati pali wowamva.

Anakhala akuyang'ana dzina la mwana wawo kwa kanthawi, poti kwina kulikonse kumene akanaliona linali litachoka kale. Kenako anadina.