Golo Lathu Lili m'Chigafa

Amene anandilakwira ndi amalume anga, achimwene awo a mayi. Anazula mapolo a golo pabwalo lathu la mpira n'kukamangira chigafa chawo, bwalolo n'kudzalapo fodya.

Bwalo limenelo linali kuseri kwa mudzi, m'mbali mwa njira ya ku Nsaru. Malowo ndi a mbumba yathu, ndipo anawapereka ndi amalume omwewo ali anyamata. Iwo ndi anzawo anazula zitsa, nagumula chulu chimene chinali pakati. Chulucho sichinatheretu, panatsala kamtumbira kokhotetsa mpira. Ife tinkakadziwa, alendo ayi. Matimu a ku Kabudula ndi ku Nambuma ankabwera pa njinga, n'kubwerera akukatukwana.

Goloboyi woyamba wa timu yathu anali amalumewo. Nditasiya sukulu, ndi iwo anandiika kutsogolo, amvekere ukali wakowo uzithera pa mpira. Tikakolola, aliyense ankabwera ndi khasu ndi ndowa ya phulusa la kukhitchini kwa mayi ake, lolembera malaini. Loweruka masana fumbi linkangoti kobo, ndipo tikagoletsa amayi ankathamangira m'bwalo zitenje zili m'mwamba. Mpaka lero ndikaona phulusa likutayidwa kudzala, miyendo imandiyabwa.

Chaka chatha ndinakagwira ntchito ku esiteti ina cha ku Mpingu. Pobwera, mvula ili mkati, ndinapeza fodya wafika m'chiuno pamene tinkamenyera penate. Timu inali itabalalika. Palibe amene anatsutsa, poti malo ndi a eni.

"Usakayambeko zako zija," anatero mayi. "Amalume ako ndi amalume ako."

Ndinapirira masabata awiri. Kupirira si kwanga.

Ndinawapeza m'chigafamo akusoka fodya. Pa polo lina panali pakadali msomali umene kale ankakolekapo chipewa chawo mpira usanayambe. Ndinauyang'ana msomaliwo.

"Wabwera, mphwanga?" anatero osadzutsa mutu. "Khala pansi utithandize. Mpira sadya."

Sindinakhale. Ndinapisa manja m'thumba.

"Amalume, fodya wanuyo thyolani mumalize, sindimukhudza. Koma mukangozula mapesi, ndibwera ndi khasu ndi phulusa, kaya ndekha. Mapolowa mudzasenza nokha kukawabwezera pamene munawaimika. Inu munali goloboyi wathu. Kodi goloboyi amathawa ndi golo?"