Puriyampu Yanga Yakale ndi Nyenje za ku Rufunsa

Atandisamutsa kuchoka ku Lusaka kuti ndikagwire ntchito m'maofesi a boma latsopano la Rufunsa, mabedi ndi mapoto zinakwera pamwamba pa lole, koma puriyampu ndinainyamula pamiyendo ngati khanda. Kwa osadziwa, ndi bokosi lasiliva limene limakonza mawu a nyimbo asanalowe mu ampulifaya, chipangizo chokwezera mawu. Mkazi wanga ankaitcha mkazi wamkulu, poti m'nyumba monse ndi yokhayo imene ndinkaipukuta fumbi ndi manja anga.

Ndinkanyada ndi makutu anga, ndipo ndinkanyada moipa. Kutchalitchi ndinkauza a kwaya amene waphonya mawu, popanda wondifunsa.

Patapita zaka, nyimbo zinayamba kumveka ngati oimba afunda bulangete. Timawu tosongoka ta gitala ndi zisekese tinasowa. Ndinaimba mlandu fumbi, kenako magetsi othimathima, pomaliza ndinagamula kuti puriyampu yakalamba. Mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga, amene amagulitsa zoimbira ku Lusaka, anati kwatuluka mtundu watsopano wokhala ndi rimoti. Adzandibweretsera, iye n'kutenga yakaleyo. Ndinavomera, koma mtima unkandiwawa ngati ndikuthamangitsa mkazi wosalakwa.

Anatsika basi Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Analumikiza mawaya thukuta lili kamukamu, ine nditakhala pampando wanga wapakati, maso otseka ngati bishopu. Nyimbo inayamba. Bulangete linali lomwe lija.

"Ba mulamu, iyi ni feki," ndinatero.

"Feki? Imwe ba mulamu, iyi ilila mpaka meno achita kuwawa!"

Tinakangana mpaka nkhuku za aneba zinathawa pakhonde. Mkazi wanga analowa, n'kuzimitsa zonse pakhoma, n'kutsegula zenera.

"Ba tata, mumvela chani panja?" anandifunsa.

"Kulibe. Kuli zii."

Mlamu anayamba kuseka, koma atayang'ana mlongo wake anameza phwetelo.

"Nyenje," anatero mkazi wanga motsitsa mawu. "Zili mu mtengo wa mango uja, zilila kuchoka m'mawa. Ise mitu yatiwawa."

Ndinatuluka n'kukaima pansi pa mtengowo. Ndinaiona imodzi pakhungwa, mimba yake ikunjenjemera. Sindinamve kanthu. Ndinachita mantha, ndiponso manyazi, poti ndinali nditanyoza fumbi, magetsi ndi bokosi losalakwa, chikhalirecho chokalamba chinali kumbali kwa mutu wanga womwewu.

Mlamu anabwerera ndi katundu wake masana omwewo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatire mlongo wake, sanandigemule potsanzika. Yakaleyo idakali pashelefu, ndimaipukutabe fumbi. Mawa lake, Lamlungu, kutchalitchi sindinadzudzule wa kwaya aliyense mpaka mapemphero kutha. Potuluka, a kwaya anandizinga n'kundifunsa ngati ndikudwala.