Mzere Umene Abwana Anafufuta

Ntchito yanga yoyamba inali m'kashopu ka zamagetsi ku Zingwangwa. Ndinkalemba mapulogalamu a timabodi tamagetsi toyeza madzi m'matanki a m'makiosiki ogulitsira madzi ku Ndirande. Tanki ikatsala pang'ono kuuma, kabodi kankatumiza uthenga pafoni ya bambo wotsegula paipi.

Batire lake linali laling'ono, choncho kachipu ka pabodipo, kamene ndi ubongo wake, ndinkakagoneka nthawi zambiri, n'kuzimitsa ngakhale wotchi yake ya m'kati, imene kamayendera pochita chilichonse. Koma wotchi imeneyi ikangoyatsidwa imayamba yadzandira kaye. Ndiye ndinalemba m'pulogalamumo mzere umodzi wouza kachipuko kuti kadikire mpaka wotchiyo itakhazikika.

Abwana, eni shopuyo, anauona mzerewo ine nditapita kumaliro.

"Iwe, chinthu chongodikira osachita kanthu n'chantchito yanji? Chikungodya batire. Ndachotsa," anandiuza nditabwerako.

"Bwana, kudikirako sikukwana n'kuphethira komwe. Kukazizira wotchiyi imachedwa kudzuka, tidzaona mavuto."

"Ndayesa ndekha, kakugwira."

Kankagwiradi, patebulo, dzuwa likuswa mtengo. Timabodi tonse anakatiika choncho.

Chiperoni chitafika, mauthenga anayamba kubwera ngati zolemba za nkhuku, ena osafika n'komwe. Tanki ina inakhala youma masiku awiri. Nditapitako ndinapeza zigubu zandandalikana mpaka kumsewu, amayi atafunda zitenje, ena atabereka ana. Mayi wogulitsa madzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Asisi, makina anu aja ndi amenewa? Mwatitukwanitsa."

Zimenezo ndinazimeza, anali ndi chifukwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero chinachitika pamsonkhano ndi akomiti ya madzi. Abwana anaimirira, manja kumbuyo, n'kunena modekha kuti, "Makolo anga, mtsikanayu akuphunzira kumene ntchito. Timukhululukire."

Andikhululukire ine! Akomiti anagwedeza mitu mondimvera chisoni, gogo wina mpaka anandisisita paphewa. Ndinatsegula pakamwa, koma mwana wa munthu sutsutsa wamkulu pagulu.

Sabata yonseyo ndinakwera matanki ndekha, laputopu kumsana, zala zitauma ndi mphepo, kubwezeretsa mzere womwe uja. Mauthenga anayambanso kufika bwinobwino.

Lachisanu abwana anabwera kudzanditenga pagalimoto. Tikutsika msewu wa kumsika anandicheukira akumwetulira.

"Waona mmene ndinakuikira kumbuyo tsiku lija?"

Ndinawapempha kuti anditsitse pasiteji, ndinakwera minibasi.