A Fundi ndi Mpira wa ku Songea

A Fundi oyendetsa lole ya mudzi wa ujamaa, wogwirira ntchito pamodzi, ku Mbamba Bay kutsidya kwa nyanja, sapereka moni kwa munthu asanaone galimoto yawo. M'mawa uliwonse, injini isanatenthe, amatsegula boneti n'kumafinya mapaipi a madzi oziziritsa injini ngati mayi wosankha mapapaya pamsika. Paipi yofewetsa amaikayikira, youma gwa amaiyang'ana ming'alu, ndipo akaona kadontho polumikizira amapukusa mutu. "Galimoto imafera m'matumbo," amatero, "osati m'mateyala."

Tsiku lina anapeza paipi imodzi itatupa, pomwe usipa wa mudzi wonse unkadikira kukwera mapiri a ku Mbinga mvula isanawononge msewu. Anatuma Mayi Ketrina, wamalonda wobwera kumene kuchokera ku Malawi, amene ankapita ku Songea, kuti akawagulire mpira. Paja pa Chiswahili paipi yotereyi amaitcha mpira.

Patatha masiku atatu mayiwo anatulukira ndi mpira wachikopa wozungulira bwino.

"Nawu mpira wanu, bambo. Koma pa msinkhu wanuwu, mukamenya ndi ndani?"

Anthu anagwa nalo phwete, koma a Fundi sanaseke. Anautembenuza mpirawo, naufinya monga amafinyira mapaipi awo, kenaka anasolola mpeni. Chubu cha m'kati anachidula timalamba, nakulunga paipi ija zolimba, namanga ndi waya. Lole inakafika ku Mbinga madzi osawira.

Atabwerako, a Fundi anapita kukathokoza Mayi Ketrina.

"Simunalakwe mayi, mpira ndi mpira. Kungoti ulendo wina mudzandigulire wautali."